Mwana wanga ali pati apa? Mbiri ya luso lojambula ziwerengero

Chaka chatha, anthu atangomaliza kukolola, tinaitanitsa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya m'chigawo cha Tete kuti tiwafotokozere zomwe tinapeza pa kafukufuku wa kawerengedwe ka ana a kalasi yachitatu. Chipepala chachikulu chomwe tinamata pa bolodi ndinakonza ndine. Ndinachezera nacho usiku pa kompyuta: timizati tofiira ndi tobiriwira, maperesenti pamwamba pa kamzati kalikonse, ndipo mawu ofotokoza tanthauzo la mitunduyo ndinawaika pakona, m'Chipwitikizi. Nditamaliza kuyankhula, m'chipinda monse munangoti zii. Kenaka mayi ena achikulire amene anakhala pafupi ndi khomo anakweza dzanja nati: "Aphunzitsi, zonsezo tamva. Koma mwana wanga ali pati apa?" Ndinasowa choyankha. Mwana wawo analimo ndithu, koma anali atasungunuka m'kati mwa peresenti ngati mchere m'ndiwo.

Funso limenelo linandituma kukafufuza mbiri ya anthu amene anayambitsa luso lojambula ziwerengero. Ndinkaganiza kuti ndikakumana ndi akatswiri a masamu ongosewera ndi manambala. Amene ndinakumana nawo anali anthu okhala ndi mlandu woti aunene pamaso pa ena amene sankafuna kumva, kapena amene analibe nthawi yowerenga matebulo. Aliyense wa iwo ankayamba ndi funso komanso munthu woti aliwerenge. Kujambula kunkabwera pomaliza.

Galafu yobadwa chifukwa cha kusowa

William Playfair, wa ku Scotland, anabadwa mu 1759. Ali mnyamata anagwirako ntchito yojambula mapulani a makina kwa James Watt ku Birmingham, kotero dzanja lake linazolowera kusandutsa muyeso kukhala mzere papepala. Mu 1786 anatulutsa buku lotchedwa The Commercial and Political Atlas, lonena za malonda a England ndi maiko ena. Zaka anazindandalika m'munsi mwa tsamba kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndalama anaziika chokwera m'mbali, kenaka n'kujambula mizere iwiri, wina wa katundu wolowa m'dziko, wina wa katundu wotuluka. Mpata wa pakati pa mizereyo anaupaka utoto kuti munthu aone ndi maso zaka zimene dziko linkagulitsa zambiri ndi zimene linkagula zambiri.

M'bukumo munali zojambula 44, ndipo 43 zinali zotsata zaka motere. Chimodzi chokha chinali chosiyana. Pa malonda a Scotland, Playfair anali ndi ziwerengero za chaka chimodzi basi, ndiye panalibe mzere woti aujambule. Anangojambula timizati togona, utali wake wolingana ndi ndalama, pa dziko lililonse mwa maiko 17 amene Scotland inkachita nawo malonda. Mwiniwake ankachiona chojambulachi ngati choperewera pochiyerekeza ndi zinzake. Koma ndiyo galafu ya timizati imene lero ana athu amaphunzira ku pulaimale. Anasankha maonekedwe amenewo chifukwa ndi amene ziwerengero zake zikanatha kunyamula. Mu 1801 anawonjezanso mtundu wina, bwalo logawidwa zigawo monga momwe timadulira chigumu.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti Playfair anachita kuphunzitsa owerenga ake kawerengedwe ka zojambulazo. Anawauza kuti aganizire wamalonda amene madzulo alionse amaunjika ndalama zachitsulo zimene wapeza tsikulo, mulu wa lero pambali pa mulu wa dzulo. Kutalika kwa miyuluyo ndiwo mzere wa papepala. Owerenga akewo anali anthu ophunzira, a ndale ndi a malonda, komabe anafunika kuwagwira dzanja. Palibe amene amabadwa akudziwa kuwerenga galafu. Ine ndinaiwala zimenezi tsiku la msonkhano lija.

Mapu a kolera ku London

Kumapeto kwa Ogasiti 1854, kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo m'masiku khumi anthu oposa 500 anamwalira. Madokotala ambiri a nthawiyo ankakhulupirira kuti matendawa amayenda ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow ankati amayenda ndi madzi akumwa. Anatenga mndandanda wa omwalira ku ofesi yolembera imfa, nayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi. Atawafotokozera akuluakulu a deralo, pa 8 Sepitembala anachotsa mpini wa mjigo wa mumsewu wa Broad Street.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati kuti Snow anayang'ana mapu n'kutulukira mjigowo. Sizinayende choncho. Mapuwo anawajambula pambuyo pake, mpini utachotsedwa kale, ndipo anasindikizidwa m'buku lake mu 1855. Ntchito ya mapuwo inali yotsimikizira anthu okayika. Imfa iliyonse anaiika ngati kamzere kakuda pa malo a nyumba imene munthuyo ankakhala. Pamene panafa anthu ambiri, timizereto tinasanjikizana ngati njerwa. Mijigo yonse ya m'deralo anaisonyezanso, kuti wowerenga adziyerekezere yekha. Mdima wa timizere unaunjikana mozungulira mjigo umodzi.

Malo oyera a pa mapuwo ankafunanso kufotokozedwa, ndipo mapu paokha sakanatha. Pafupi ndi mjigowo panali fakitale yofulula mowa imene antchito ake anapulumuka. Iwo ankapatsidwa mowa pantchito ndipo fakitaleyo inali ndi chitsime chake. Panalinso nyumba yosungiramo anthu osauka oposa 500, momwe munafa asanu okha. Nayonso inali ndi madzi akeake. Zonsezi Snow anazidziwa chifukwa choyenda ndi kufunsa. Pa mapu ake achiwiri anawonjezera mzere wozungulira nyumba zimene mjigo wa Broad Street unali wapafupi kwa munthu woyenda pansi motsata misewu, kusiyana ndi kuyeza mowongoka ngati mbalame ikuuluka. Aliyense amene anasenzapo ndowa pamutu akudziwa chifukwa chake. M'busa wa m'deralo, Henry Whitehead, poyamba ankatsutsa maganizo a Snow. Popeza mabanjawo ankawadziwa ndi maina, anachita kafukufuku wake, ndipo mapeto ake ndi iyeyo amene anapeza nyumba momwe munadwala khanda limene madzi ochapira matewera ake anathiridwa m'dzenje la zonyansa pafupi ndi chitsime cha mjigowo.

Nightingale akonza cholakwa chake

Mu Novembala chaka chomwecho cha 1854, Florence Nightingale anafika ku Scutari, m'dziko la Turkey, ndi gulu la anamwino kukasamalira asilikali a Britain a pa nkhondo ya ku Crimea. Nkhondo itatha mu 1856, anabwerera kwawo n'kukhala pansi ndi William Farr, katswiri wa ziwerengero za imfa, kusanthula zolembedwa za gulu lankhondo. Zinaoneka kuti asilikali ochuluka sanafe ndi mabala a kunkhondo. Anafa ndi kamwazi, kolera ndi matenda ena obwera chifukwa cha uve wa m'misasa ndi m'zipatala.

Nightingale ankadziwa anthu amene ankafuna kuwafikira: nduna za boma, aphungu a nyumba ya malamulo, akuluakulu a asilikali, ngakhale Mfumukazi Victoria. Ankadziwanso kuti anthu oterewa lipoti lalitali amangolisunga. Mu 1858 anatulutsa chojambula cha bwalo logawidwa zigawo 12, mwezi uliwonse chigawo chake. Utoto wabuluu unkaimira imfa za matenda opeweka, wofiira imfa za mabala, wakuda imfa za zifukwa zina. Buluu anadzaza tsamba. Mabwalowo anali awiri moyandikana, loyamba kuyambira Epulo 1854 kufika Malichi 1855, lachiwiri chaka chotsatira. Malichi 1855 ndi mwezi umene nthumwi za ukhondo zochokera ku London zinafika ku Scutari n'kuyamba kuyeretsa ngalande za zonyansa ndi kukonza kayendedwe ka mpweya m'zipinda za odwala. Wowerenga akayang'ana bwalo lalikulu ndi laling'ono, funso loti n'chiyani chinasintha limadzifunsa lokha.

Chojambula chodziwika bwinochi sichinali choyamba. M'zoyamba zake, nambala ya imfa inkaimiridwa ndi utali wochokera pakati pa bwalo. Vuto lake n'lakuti nambala ikawirikiza kawiri, malo opakidwa utoto amawirikiza kanayi, ndipo diso limawerenga malowo. Chojambulacho chinkakokomeza nkhani imene inali yoona kale. Nightingale anachijambulanso kuti kukula kwa malo opakidwa utoto ndiko kulingane ndi nambala. Otsutsa akanapeza kukokomeza pamalo amodzi, akanatha kukana lipoti lonse.

Du Bois ku Paris

Mu 1900 ku Paris kunachitika chionetsero chachikulu cha maiko. W. E. B. Du Bois, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, pamodzi ndi ophunzira a pa Atlanta University, anakonza zojambula pafupifupi 60 zosonyeza moyo wa anthu akuda a ku America, patangopita zaka 35 ukapolo utathetsedwa kumeneko. Zonse anazijambula pamanja, ndi inki ndi utoto, pa zipepala zazikulu. Zinkasonyeza chiwerengero cha anthu, malo amene anagula, ntchito zimene ankagwira, ana amene ankapita kusukulu, ndi mmene umbuli wosadziwa kuwerenga unkachepera.

Odzaona chionetserocho ambiri anali azungu amene anakula akumva kuti munthu wakuda sangatukuke. Du Bois anawaganizira bwino. Pa gawo lina la zojambulazo mawu anawalemba m'zinenero ziwiri, Chingerezi ndi Chifalansa, kuti mlendo wa ku Paris asasowe polowera. Pa chojambula china anaika kamzati ka anthu akuda a ku America osadziwa kuwerenga pakati pa timizati ta maiko a ku Ulaya, ndipo zinaoneka kuti ku Russia, Serbia ndi Romania vutoli linali lalikulu kuposa pakati pa ana a akapolo. Nambala yomweyo ikanaima yokha, mlendo akanangoti anthu awa ndi otsalira. Kusankha choyerekeza nacho ndi gawo la kujambula, ndipo kumafuna chilungamo chofanana ndi chimene timafuna powerengera.

Mkhalapakati wa ku Vienna

Amene anaika ntchitoyi m'ndondomeko yoti ena atsate ndi gulu la ku Vienna, m'dziko la Austria. Mu 1925 Otto Neurath anatsegula nyumba yoonetseramo za chuma ndi za umoyo wa anthu, cholinga chake chili chakuti antchito wamba amvetse nkhani za nyumba zogona, imfa za makanda ndi ulova mumzinda wawo. Njira yawo pambuyo pake inatchedwa Isotype. Mmisiri Gerd Arntz anasema zizindikiro zikwi zingapo, za munthu, nyumba, sitima, fakitale, zopanda zokongoletsa. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti kuchuluka kusonyezedwe pochulukitsa zizindikiro zofanana kukula. Ngati kamunthu kamodzi kakuimira anthu 1000, anthu 3000 ndi tianthu titatu, osati chimunthu chimodzi chachikulu. Ili ndi vuto lomwe lija limene Nightingale anakumana nalo: ukatalikitsa chithunzi, chimanenepanso, ndipo diso limanamizidwa.

Pakati pa katswiri wodziwa ziwerengero ndi mmisiri wodziwa kujambula anaikapo munthu wachitatu amene ankamutcha wosandutsa. Ntchitoyi anaigwira kwa zaka zambiri ndi Marie Reidemeister, amene pambuyo pake anakwatiwa ndi Neurath. Iye ankakhala ndi katswiri mpaka amvetse nkhani yonse, kenaka n'kusankha mfundo imodzi yoti ioneke, zoti zitayidwe, nambala zoti zifupikitsidwe, ndi zoti ziyandikane. Ankajambula chongoyeserera ndi pensulo, n'kuchibwezera kwa katswiri kuti aone ngati choonadi sichinapotoke, ndipo chikavomerezeka m'pamene chinkapita kwa mmisiri. Gululi linkaonetsetsanso mmene alendo ndi ana asukulu ankawerengera zojambulazo, n'kukonza zimene zinkawasokoneza. Wosandutsa anali mkhalapakati, ndipo pa zokambirana zonse ankaimira munthu amene panalibe, wowerenga.

Otto Neurath ankakhulupirira kuti zithunzi zingadutse malire a zinenero. Moyo unawayendetsa ndithu m'maiko: anathawa ku Vienna mu 1934 kupita ku The Hague, ndipo mu 1940 anathawiranso ku England, kumene Otto anamwalira mu 1945. Marie anapitiriza ntchito. M'zaka za m'ma 1950 boma la chigawo cha kumadzulo kwa Nigeria, lotsogozedwa ndi Obafemi Awolowo, linamuitana kuti athandize kufotokozera anthu mapulani a boma, kuphatikizapo maphunziro aulere a pulaimale amene anayamba mu Januwale 1955. Kumeneko anaona kuti zizindikiro za ku Vienna sizikanangotengedwa momwe zinalili. Mwamuna, mkazi, mwana ndi nyumba anazijambulanso kuti zifanane ndi zovala ndi nyumba za Ayoruba, ndipo timabukuto tinatuluka m'Chingerezi ndi m'Chiyoruba. Chithunzi nachonso chili ndi kwawo. Ife amene timaphunzitsa m'zinenero ziwiri sitingadabwe nazo zimenezi.

Galafu imene mayi amasunga

Ku Nigeria komweko, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, dokotala wa ana David Morley ankagwira ntchito pa chipatala cha mishoni ku Ilesha ndi m'mudzi wa Imesi-Ile. Kumeneko kunachokera khadi loyezera kukula kwa ana osapitirira zaka zisanu, kholo la khadi lakusikelo limene amayi athu amanyamula lero. Mwina ndiyo galafu imene yalowa m'nyumba zambiri kuposa ina iliyonse kuno kwathu.

Kakonzedwe kake kanatsata mavuto enieni a kusikelo. Kuwerengera miyezi ya mwana aliyense pamzere wautali wa amayi kumachedwetsa ndipo kumabweretsa zolakwa, choncho m'munsi mwa khadi munaikidwa timabokosi momwe namwino amalembamo maina a miyezi kuyambira mwezi umene mwanayo anabadwa. Tsiku la sikelo amangofuna mwezi uno n'kuika kadontho. Khadilo linkasungidwa ndi mayi, osati chipatala. Ndipo uthenga wake unali umodzi: yang'anani kumene mzere ukulowera. Ukamakwera, mwana akukula. Ukagona kapena kutsika, pali vuto, ngakhale mwanayo akuoneka bwino. Komabe khadili silinathetse zonse. Amayi ambiri, ngakhale ena mwa ogwira ntchito zaumoyo, ankavutika kumasulira mzerewo. Morley sanaimbe mlandu amayiwo. Patapita zaka anakonza sikelo ina imene khadi limalowetsedwamo, kulemera kwa mwana n'kukokera cholozera pamalo pake, mayi n'kuika yekha kadonthoko ndi cholembera.

Nditawerenga zimenezi ndinamvetsa funso la mayi aja. Galafu anali akuidziwa kale. Anaisunga m'nyumba zaka zisanu, ndipo pa galafu imeneyo mwana wawo anali ndi malo ake. Yachilendo inali yangayo.

Zimene tasintha

Maphunziro a zinenero ziwiri m'dziko muno anayesedwa koyamba kuyambira 1993 mpaka 1997 kudzera mu PEBIMO, m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 anayamba kufalikira m'sukulu zina. Kuyambira nthawi imeneyo kholo lililonse la m'madera athu limakhala ndi funso lomwelomwelo: kodi mwana wanga akayamba ndi Chinyanja sadzatsalira pa Chipwitikizi? Ndi funso loyenera, ndipo tsogolo la mwana lili pamenepo. Ife ofufuza timasonkhanitsa ziwerengero zoyankha funsolo, koma tikazijambula moganizira oyang'anira maphunziro ndi opereka thandizo okha, kholo limabwerera kunyumba n'kukasankha motsata mphekesera.

M'gulu lathu tagwirizana zingapo. Tisanatsegule kompyuta timalemba chiganizo chimodzi m'Chinyanja chonena zimene chojambulacho chiyenera kusonyeza, ndi dzina la gulu la anthu amene adzachiwerenge. Chiganizocho chikakanika kulembeka, ndiye kuti sitinamvetse zotsatira zathu. Tikafuna kuyerekeza magulu timasankha timizati kapena timadontho toyambira pa mzere umodzi. Kafukufuku wa William Cleveland ndi Robert McGill wa mu 1984 anasonyeza kuti diso limayerekeza malo ndi utali molondola kuposa momwe limayerekezera ngodya ndi kukula kwa zigawo za bwalo. Mawu timawalemba pa chojambula penipenipo, Chinyanja pamwamba, Chipwitikizi pansi. Sitidaliranso utoto wokha, popeza pepala likadutsa pa makina a fotokope chofiira ndi chobiriwira zimasanduka zotuwa zonse. Ndipo chojambula chilichonse chimayamba chaonedwa ndi mphunzitsi mmodzi ndi makolo awiri kapena atatu, ife tili chete, iwo akutiuza zimene akuona.

Mwezi wathawu tinabwerera ku sukulu ija. Chipepala sitinatenge. Tinajambula mizere itatu pansi ndi choko: amene akuzindikira zilembo, amene akuwerenga mawu, amene akuwerenga nkhani yonse. Kholo lililonse linalandira kapepala kopinda kosonyeza pamene mwana wake wafika, kuti pasakhale mwana wochititsidwa manyazi pagulu. Kenaka aphunzitsi a kalasiyo anaika zitsekerero za mabotolo pa mizereyo, chitsekerero chimodzi mwana mmodzi, zoyamba za kumayambiriro kwa chaka, kenaka n'kuzisuntha kufika pamene anawo ali tsopano. Makolo anaimirira n'kuzungulira. Anawerenga okha zitsekerero zimene zinasuntha, ndipo bambo ena anafunsa chifukwa chake zina sizinachoke pa mzere woyamba. Zokambirana za ana amenewo zinatenga nthawi yaitali kuposa mbali ina iliyonse ya msonkhanowo. Mayi aja analipo. Anatsegula kapepala kawo, anayang'ana pansi, kenaka anakapindanso n'kukamanga pa nsonga ya chitenje.